Zotsatira za makala ndi mabriketi zikamasemphana mu labu, yambani kufufuza apa

Dandaulo lake silisintha. Gulu lopanga mabriketi labweretsa sampulo ku labu, yayezedwa, pepala la zotsatira latuluka. Pakapita sabata ziwiri abweretsa ina ya m'thumba lomwelo, manambala asiyana. Tcheyamani wa gulu amafika mapepala onse awiri ali m'manja: "Achimwene, katundu ndi yemweyo, nanga pepala lasintha bwanji?" Apo ambiri a ife ogwira ntchito mu labu timathamangira kuloza chala ng'anjo yamagetsi yowotchera masampulo. Nthawi zambiri ng'anjoyo ilibe mlandu. Vuto limakhala litayambira pa thumba, pa sefa, pa sikelo kapena pa masamu.

Kuno ku Mangochi owamba nsomba, ophika m'masukulu ogonera ndiponso a malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja akufunafuna cholowa m'malo mwa nkhuni ndi makala ochokera m'nkhalango ngati za Namizimu ndi Phirilongwe. Boma nalo, mu National Charcoal Strategy ya 2017 mpaka 2027, likulimbikitsa njira zina zophikira. N'chifukwa chake pa benchi pamafika zosiyanasiyana: mabriketi a utuchi, a mankhusu a mpunga, a zitsononkho, a makoko a mtedza ndi a malambe, makala a nsungwi, mwa apo ndi apo malasha. Chilichonse chili ndi khalidwe lake pa moto.

## Kumbukirani kaye ichi

Pa zinayi zomwe zimalembedwa pa pepala (chinyezi, zouluka, phulusa ndi fixed carbon), timayeza zitatu zokha. ISO ndi ASTM ndi mabungwe olemba njira zoyezera, ndipo njira iliyonse ili ndi nambala yake.

- Chinyezi: uvuni pa madigiri 105, mpaka kulemera kutasiya kutsika.
- Zouluka, zochoka ngati mpweya sampulo ikatenthedwa, zomwe pa fomu zimalembedwa kuti volatile matter: galamu imodzi m'crucible (kakapu kopirira moto) yovindikira, madigiri 900 kwa mphindi 7 ngati mukutsata ISO 18123. ASTM D1762, ya makala a mitengo, imafuna madigiri 950.
- Phulusa: crucible yosavindikira. Madigiri 550 pa ISO 18122 ya nkhuni ndi zotsalira za kumunda, 750 pa ASTM D1762, 815 pa ISO 1171 ya malasha ngati aja a ku Mchenga ku Rumphi.

Fixed carbon, gawo lolimba lomwe limatsala n'kumayaka zouluka zikachoka, salowa mu uvuni kapena m'ng'anjo. Timangochotsa zitatuzo pa 100, chotsalacho n'kulemba. Ndiye kuti cholakwika chilichonse cha pa zitatu zija chimakagwera mwa iye, pomwe ndi nambala yomwe wogula amayamba kuyang'ana. Mukamuona wachilendo, bwererani kwa anzake atatu aja.

## Masampulo awiri a katundu mmodzi akusiyana kwambiri

1. Katapidwe ka sampulo. Ichi ndiye chimayambitsa milandu yambiri. Thumba likayenda pa njinga kutsika ku Namwera kapena pa lole kuchokera ku Makanjira, zibuma zikuluzikulu zimatsala pamwamba, fumbi ndi mchenga zimatsikira pansi. Wotapa pamwamba ndi wotapa pansi ayeza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo onse ayeza molondola. Khuthulani thumba lonse pa lona woyera, sakanizani, unjikani mulu, muuphwatalalitse, muugawe panayi. Tengani zigawo ziwiri zoyang'anizana, zinazo ikani pambali, n'kubwereza mpaka patatsala zokwana botolo lanu. Ngati ndi mabriketi, pemphani a m'matumba angapo ndi a masiku osiyana owumba. Gulu likasankha lokha, limabweretsa okongola okhaokha, ndipo palibe angawadzudzule pamenepo.
2. Kusinja kosamaliza. Njira za ISO za nkhuni ndi zotsalira za kumunda zimafuna ufa wodutsa pa sefa ya milimita imodzi. Zonse zidutse. Zotsalira pa sefa musataye, sinjaninso, chifukwa zomwe zimakana kudutsa ndi timiyala ndi mankhusu, ndiye mwini phulusa ameneyo. Musanatape m'botolo, ligubuduzeni kaye. Mchenga umakhazikika pansi ngakhale m'botolo laling'ono.
3. Sikelo. Utuchi woyera uli ndi phulusa la pafupifupi 1 peresenti. Pa galamu imodzi ndiye mamiligalamu 10 okha, kutanthauza kuti sikelo ikaphonya ndi miligalamu imodzi, gawo limodzi mwa magawo khumi la phulusa lanu lapita. Onani ngati kathovu ka levulo kali pakati, tsekani zitseko zagalasi, ndipo zimitsani fani. Mu Okutobala palibe amafuna kumva zozimitsa fani, koma mphindi ziwiri za thukuta zimaposa kubwereza ntchito ya tsiku lonse. Sikelo isakhale pa benchi limodzi ndi chigayo cha masampulo.
4. Ma crucible. Atsopano kapena ongotsukidwa kumene awotchedwe opanda kanthu, azizire mu desiccator (chidebe chotseka chosunga zinthu zouma), kenaka ayezedwe. Agwireni ndi chopanira, osati zala. Nambala yolembedwa ndi marker imapsa n'kuzimirira, ndipo ma crucible amasinthana mosadziwika. Jambulani pa pepala momwe mwawayalira m'ng'anjo.

## Manambala a pa sikelo akungokwera, sakukhazikika

1. Crucible ikadali yofunda. Mpweya wofunda ukamakwera umaipepukitsa, ikamazizira nambala imakwera. Yembekezani ifanane ndi kutentha kwa chipinda.
2. Silica gel, timibulu toyamwa chinyezi mu desiccator, watha mphamvu. Wabuluu amasanduka pinki, wa olenji amasanduka wobiriwira kapena woyezuka. Muumitseni mu uvuni pa madigiri 105 mpaka 120 mpaka mtundu utabwerera. Onaninso mafuta a pa mlomo wa desiccator. Chivindikiro chikamangoseseleka popanda kugwira, mpweya ukulowa.
3. Mukuchedwa. Makala ouma amayamwa chinyezi cha mumpweya mofulumira, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pomwe mpweya wa kunyanja kuno umakhala wonyowa. Tulutsani crucible imodzi, tsekani desiccator, yezani, lembani nambala yoyamba kukhazikika. Kuyala ma crucible asanu pa benchi kudikira mzere ndi kuwapatsa mpata womwa madzi. Phulusa nalo limatero.
4. Timbale ta pulasitiki m'miyezi youma. Ufa umamatirira m'mbali, sikelo imasewera. Gwiritsani zagalasi kapena zachitsulo.

## Chinyezi chatuluka chochepa, pomwe katundu akufuka utsi ndipo sakuyaka

1. Sampulo inauma m'njira. Yabwera mu jumbo yoboola, yakhala pa dashibodi ya minibasi kuchokera ku Monkey Bay, yagona pa windo la labu. Chomwe mwayeza si chomwe chili mu sitolo ya gulu. Sampulo ya chinyezi ibwere mu chidebe chotseka bwino kapena majumbo awiri omanga zolimba, iyezedwe tsiku lomwelo.
2. Mwayeza chinyezi pa ufa wosinja. Kusinja kumatenthetsa ndi kuumitsa. Chinyezi cha katundu momwe wafikira chimayezedwa pa sampulo yaikulu yosasinja kwambiri. ISO 18134 imafuna magalamu osachepera 300. Chinyezi cha pa ufa wa galamu imodzi ndi china, ntchito yake ndi yokonzera masamu a phulusa ndi zouluka. Zonse ziwiri n'zofunika, koma zisasinthanitsidwe pa pepala.
3. Mwatulutsa msanga. Briketi lonenepa limauma kunja, pakati pali ponyowa. Liphwanyeni, yalani mopyapyala. Yezani, bwezani mu uvuni ola lina, yezaninso mpaka kulemera kutaima.
4. Nthunzi ikusowa potulukira. Uvuni wadzaza mathireyi, kapena kabowo ka pamwamba katsekeka. Suzumiranimo ndi tochi: mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo timeneti uvuni ukakhala sabata zingapo osayatsidwa.

Nthawi zina zimachitika mosemphanitsa, kulemera kumangotsikabe osaima. Yambani ndi kuika thermometer ina mkati, chifukwa uvuni wolemba 105 kunja ukhoza kukhala pa 120 mkati. Ngati kutentha kuli bwino, ganizirani za katunduyo: bulugamu, paini ndi makoko osakanikirana ndi mtedza zimataya mafuta ake pamodzi ndi madzi. Musapitirire maola 24.

## Phulusa lachuluka

Apa ndi pomwe amayi ndi abambo a magulu amakhumudwa kwambiri, ndiye musanawauze kuti katundu wawo ndi woipa, tsimikizani kuti phulusalo ndi lawodi.

1. Mchenga. Kuno mchenga uli paliponse. Utuchi umawoleredwa pansi ndi fosholo, fumbi la makala limasesedwa pamsika ndi tsache, mabriketi amayanikidwa pabwalo mwera ukuwomba mu Juni ndi Julayi. Phulusa likazizira ndipo mwaliyeza kale, tsinani pang'ono ndi zala. La mtengo limakhala losalala; la mchenga limakhakhala, ndipo mukalithira m'madzi m'kapu yagalasi timiyala timagwa pansi nthawi yomweyo. Labu yalondola, vuto lili pabwalo. Mabriketi ayanikidwe pa thandala monga timachitira ndi usipa, utuchi usefedwe usanasakanizidwe.
2. Chomatira. Ufa wa chinangwa umapsa pafupifupi wonse. Dothi la makande kapena la pachulu silipsa. Gulu likathira makilogalamu 10 a dothi pa makilogalamu 100 a zosakaniza, ambiri mwa makilogalamu 10 amenewo akapezeka m'crucible. Funsani muyeso wawo musanayambe kukayikira zida. Ambiri amayeza ndi ndowa, ndipo ndowa ya dothi imalemera kuposa ndowa ya fumbi la makala kutalitali.
3. Ndi chibadwa chake. Mankhusu a mpunga ali ndi phulusa la 15 mpaka 20 peresenti, nthawi zina kuposa, chifukwa cha silica yomwe ili m'mankhusumo. Akawotchedwa kukhala makala, gawo la phulusa limakweranso chifukwa zouluka zachoka, phulusa latsala lonse. Makungwa ndi masamba nazo zili ndi phulusa lambiri kuposa mtima wa mtengo. Palibe chokonza mu labu. Gulu lichepetse mankhusu, liwonjezere utuchi kapena zitsononkho.
4. Sampulo sinapse yonse. Takasani phulusa ndi kawaya. Mukaona timadontho takuda pansi, ndi makala otsala omwe mukuwawerengera ngati phulusa. Bwezani m'ng'anjo mphindi 30, yezaninso, mpaka kulemera kutaima. Akakanika, lizizire, donthezani madzi a distilled pang'ono kuti chikhakha chiphwanyike, umitsani, wotchaninso. Zimachitika kwambiri m'crucible yakuya yopapatiza, kapena ng'anjo ikadzaza mpweya n'kumaperewera. Mbale yotakata yosaya ndiyo yabwino.
5. Chosinjira chikudyeka. Phulusa la madontho ofiirira ngati dzimbiri pa masampulo onse, ngakhale a utuchi woyera, likuloza chitsulo cha chigayo. Kamtondo ka simenti kapena ka mwala wofewa ndiye musakayandikire n'komwe.

## Phulusa lachepa, kapena lamatirira pa crucible

Choyamba, mwaika sampulo m'ng'anjo yotentha kale, yalilima, ndipo phulusa lina lauluka ndi lawi. ISO 18122 imati muyambire pozizira, mukwere pang'onopang'ono kufika pa 250, muime ola limodzi kuti utsi uthe, kenaka mupite pa 550 kwa maola osachepera awiri. Chachiwiri, mwatsegula desiccator mwamphamvu ndipo mpweya wolowa wauluza phulusa. La utuchi ndi lopepuka kwambiri, seselezani chivindikiro pang'onopang'ono. Chachitatu, kutentha kwapitirira. Mapesi, zitsononkho ndi makoko zili ndi potaziyamu wambiri. Mukaziwotcha pa 815 ngati malasha, wina amauluka, wotsalayo amasungunuka n'kumata pansi pa crucible ngati galasi. Crucible yotero isagwirenso ntchito ya phulusa.

## Zouluka zakwera, kapena zikusinthasintha

Muyeso uwu ndi wovuta kuposa yonse chifukwa yankho lake limadalira kachitidwe. Mukasintha nthawi, kutentha kapena chivindikiro, nambala yasintha.

1. Chivindikiro sichikutseka. Mpweya ukalowa, makala amayamba kupsa, ndipo zopsazo zimawerengedwa ngati zouluka. Mukavundukula itazizira, yang'anani pamwamba pa sampulo: ikhale yakuda bii. Mukaona kotuwa m'mbali, tayani zotsatirazo. Crucible iliyonse ikhale ndi chivindikiro chake chake. Chobenthuka mlomo chipume.
2. Simunachotse chinyezi. Kulemera komwe kwatayika pa mphindi 7 zija kuli ndi madzi momwemo. Ngati kwatayika 28 peresenti ndipo chinyezi cha ufawo ndi 8, zouluka ndi 20. Mukalemba 28, ndiye kuti madzi mwawachotsa kawiri pa fixed carbon.
3. Ng'anjo sikubwerera msanga. Mukatsegula chitseko kutentha kumagwa, ndipo ISO 18123 imafuna kuti kubwerere pa 900 mkati mwa mphindi 4. Ma crucible akachuluka, kapena magetsi akafooka madzulo anthu akamaphika, sikubwerera, ndipo zouluka zimatuluka zochepa. Chepetsani ma crucible, gwirani ntchitoyi m'mawa, ndipo lembani kutentha pa mphindi yachinayi nthawi zonse.
4. Nthawi yongoganizira. Mphindi 7 ndi za sitopuwotchi. Muyambe kuwerenga mukangoika.
5. Sampulo ikuthetheka. Ufa wosalala kwambiri umatumphuka ndi mpweya wotuluka, mumaupeza pa chivindikiro ndi pansi pa ng'anjo. Musasinje mopitirira. Pa makala, ASTM D1762 imayamba ndi kufunditsa crucible pakhomo pa ng'anjo mphindi 2, kenaka m'mphepete mphindi 3, isanalowe mkati kwa mphindi 6.
6. Zigoba za nkhono kapena laimu. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja umakhala ndi tizigoba, ndipo magulu ena amathira laimu. Calcium carbonate, yomwe imapezeka m'zigoba ndi mu laimu, ikafika pa 900 imataya carbon dioxide, 44 peresenti ya kulemera kwake, yomwe imalowa m'gulu la zouluka ngakhale siyaka.

Poyerekeza: nkhuni zouma zimakhala ndi zouluka za 75 mpaka 85 peresenti, makala opsa bwino sapitirira 30. Makala okhala ndi zouluka zambiri komanso ofiirira mkati mukawathyola ndi osapsa. Anafukulidwa msanga, labu isanamiziridwe.

## Labu ina yapeza zosiyana ndi zathu

Musanayambe kukangana pa foni, ikani mapepala awiriwo pamodzi, muone zinthu ziwiri.

Choyamba, awerengera pa katundu wonyowa kapena wouma? Tiyerekeze makala a chinyezi 8, zouluka 20, phulusa 4. Fixed carbon ndi 68. Mukawerengera pa katundu wouma, mumagawa chilichonse ndi 0.92: zouluka 21.7, phulusa 4.3, fixed carbon 73.9. Makala ndi omwewo, muyeso ndi womwewo, koma pepala lina likuti 68, lina 73.9. Wogula yemwe wamva kuti makala abwino amayandikira 75 akana loyamba n'kulandira lachiwiri. Pepala losanena kuti lawerengera pati ndi losamaliza, ndipo ine sindingalisayinire.

Pa nkhuni msampha womwewu umabwera mwanjira ina. Chikuni cha magalamu 100 chikauma n'kutsala 60, chinyezi ndi 40 peresenti mukagawa ndi kulemera koyamba, koma ndi 66.7 mukagawa ndi kulemera kouma. A za mafuta ophikira amagwiritsa yoyamba, a matabwa ndi timamita tawo tobaya amagwiritsa yachiwiri.

Chachiwiri, atsata njira iti? Phulusa la pa 550 limalemera kuposa la pa 815, zouluka za pa 950 zimaposa za pa 900. Sankhani njira imodzi, muilembe pa pepala, musasakanize theka la ISO ndi theka la ASTM. Malire a kusiyana kololedwa pakati pa miyeso iwiri ali m'buku la njira yomwe mwasankhayo.

Fixed carbon akatuluka wochepera ziro, musapite n'komwe ku ng'anjo. Mwina chinyezi chachotsedwa kawiri, mwina mwasakaniza manambala a katundu wouma ndi a wonyowa mu mzere umodzi.

## Magetsi azima ntchito ili mkati

- Chinyezi: vindikirani masampulo, ikani mu desiccator, mudzapitirize akabwera.
- Phulusa: siyani chitseko chotseka. Akabwera wotchaninso mpaka kulemera kutaima.
- Zouluka: tayani, yambiraninso ndi sampulo yatsopano. Izi sizilumikizidwa.
- Sikelo: akabwera ipatseni nthawi yofunda monga buku lake linenera, n'kuiyesa ndi mwala wake woyesera.

Ng'anjo imakoka magetsi ambiri. Jenereta yaing'ono ya mu ofesi musaiyese.

## Apa siyani, itanani katswiri

Zimitsani pa khoma, musakhudzenso, ngati:

- bokosi la ng'anjo kapena uvuni likugwira shoko, ngakhale pang'ono;
- breaker ikugwa mukangoyatsa, kapena pulagi ikununkha kupsa. Kumangirira waya m'malo mwa fuzi n'kuitana moto;
- njerwa za mkati zang'ambika mpaka waya wotenthetsa akuonekera;
- kutentha kukupitirira komwe mwatchera osaima, kapena manambala akudumphadumpha. Imeneyo ndi thermocouple (kawaya koyeza kutentha) kapena controller (chowongolera kutentha), ndipo ndi ntchito ya wamagetsi wodziwa zida za mu labu, osati aliyense wokhala ndi tesita.

Ngati mukungokayikira kuti ng'anjo ikunama, pali kuyesa kwapafupi. Mchere wa sodium chloride umasungunuka pa madigiri 801. Kamchere pang'ono m'crucible yakale yovindikira, kwa mphindi zochepa: pa 750 usasungunuke, pa 850 usungunuke. Zikasemphana, thermocouple iyesedwe ndi odziwa. Kuyesaku kumangokuuzani ngati pali vuto lalikulu, sikulowa m'malo mwa calibration (kulinganiza chida kochitidwa ndi akatswiri), ndipo musakuchite pafupipafupi chifukwa nthunzi ya mchere imadya mawaya.

Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire kapena nseru pomwe ng'anjo ikuyaka, tulukani nonse panja, tsegulani mawindo. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide sununkha. Yemwe sakupeza bwino apite naye kuchipatala, ndipo ng'anjo isayakenso mpaka utsi wake utapatsidwa njira yotulukira kunja.

Sikelo yomwe ikuphonyabe mwala woyesera pambuyo poilinganiza musaitsegule ndi sikuludiraiva. Ngati labu yanu ili ndi bomb calorimeter (chida choyezera mphamvu ya moto ya sampulo), ndipo ikutulutsa mpweya pa mlomo kapena benzoic acid, mankhwala oyesera chidacho, sakupereka mphamvu ya pafupifupi 26.5 MJ pa kilogalamu, iimitseni. Muli okosijeni wa mabaa 30 mmenemo, ndipo mafuta kapena girisi asayandikire mavavu ake.

Pomwe pali ndalama za kontirakiti, mkangano ndi wogula, kapena gulu likufuna chizindikiro cha pa paketi, zotsatira za labu yaing'ono zisakhale zomaliza. Gawani sampulo yosakaniza bwino patatu pamaso pa mbali zonse ziwiri, matani, sayinani pa zomatazo. Imodzi iyezedwe kuno, ina ipite ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, yachitatu isungidwe m'botolo lotseka kufikira mapepala onse awiri atabwera.